Bedi Nambala Seveni

Ndinadandaula koyamba Lolemba la sabata yachiwiri ya Ogasiti, chaka chomwecho chimene anandibweza kuchokera ku Joni ndi pasi yolembedwa mofiira. Kalatayo ndinaipereka ndi dzanja langa pa windo la ofesi yanu ku boma, ndipo kalaliki wa nthawi imeneyo, wamtali wa mpata m'mano, anasayina pa kope langa. Kachiwiri ndinadandaula patapita zaka ziwiri, mwezi wokolola chimanga. Kachitatu ndinatumiza pa positi, ndipo risiti ndili nayo. Kachinayi ndinapitanso ndekha, anandiuza kuti fayilo yanga inadyedwa ndi chiswe. Chiswe cha ku boma chimadziwa kusankha mapepala.

Mwezi wathawu kalaliki watsopano anawerenga kope langa loyamba, nandifunsa akuseka kuti, "Madala, kiriketi n'chiyani? N'chakudya?" Ndiye ndati ndilembe nkhani yonse kuyambira pachiyambi, kuti pasapezeke wina wonena kuti sanayankhe chifukwa sanamve.

Chimene ndikufuna n'chimodzi. Mu pasi yanga munalembedwa kuti ndinawononga dala katundu wa abwana. Mawu amenewo ndi abodza, ndipo andimanitsa munda ku sikimu ya fodya chaka ndi chaka. Ndikufuna afafanizidwe.

Ine ndine mwana wa nazale. Kwathu n'kufupi ndi Simlemba, ndipo bambo anga anali tenanti pa esiteti. Ndisanadziwe kuwerenga ndinali nditadziwa kale kuti bedi la fodya limathiriridwa m'mawa ndi madzulo, ndi kuti bedi likang'aluka ndiye kuti mwini wake ndi waulesi. Bambo ankati munthu woona nthaka ikusweka n'kupitirira sasiyana ndi woona mwana akulira n'kupitirira. Anandikwapulirapo chifukwa cha mng'alu umodzi wokha, wolowa udzu.

Ku Joni ndinapita pa selefu, osadzera kwa olemba anthu a m'migodi. Ndinasiya Nachisale, mkazi wanga, ali ndi mwana wathu Feresi kumbuyo ndi pakati pa wachiwiri. Za ulendowo sindinena zambiri. Unali wa miyendo, wa malole, ndi wa kubisala m'tchire. Amene anandilandira kumeneko anali Gondwe wa ku Kaluluma, amene mlongo wake anakwatiwa m'mudzi mwathu. Ndilemba chilungamo, chifukwa ine sindine wabodza ngati iye: miyezi yoyamba Gondwe anali mbale wanga. Anandifunditsa bulangeti lake m'nyengo yozizira ija imene madzi amauma m'ndowa. Anandiphunzitsa kaimidwe ka pamaso pa wapolisi wofuna pasi: maso pansi, chipewa m'manja, yankho lalifupi. Anandipezera ntchito pa bwalo la kiriketi pamene iye anali kapitawo, ndipo mapepala anga anakonzeka chifukwa cha pakamwa pake.

Tinkakhala m'komponi kuseri kwa mipando ikuluikulu ya bwalolo, anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi, kugona pa simenti, mbaula imodzi. Atatu tinali a kuno. Enawo anali Azulu ndi Ashangani, ndipo onse ankatitcha Manyasa. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwathu, ndipo Nachisale anandilembera kuti wafolera nyumba ndi malata mbali imodzi, mbali inayo idikira chaka chamawa. Kalata imeneyo ndili nayo.

Tsono kiriketi. Ndi masewera a anthu khumi ndi mmodzi mbali iliyonse. Wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, kulunjika pa timitengo titatu tozikidwa pansi. Wina amaima patsogolo pa timitengoto ndi thabwa, kutitchinjiriza ndi kumenya mpirawo kutali. Timitengo tikagwa, kapena mpira womenyedwa ukawakhidwa m'mwamba, womenyayo watha, amalowa mnzake. Mpira umayamba wagunda pansi usanafike kwa womenya, choncho nkhani yonse ili pa nthaka. Pakati pa bwalo pali timinda khumi tondandalikana, ta dothi lakuda lotengedwa kutali, tofanana ndithu ndi mabedi a nazale. Azungu amati pichi. Ine ndinkati mabedi, anzanga anatengera, ndipo iwo ananditcha aNazale. Bedi likakhala labwino mpira umabwera mwaulemu. Likakhala loipa umadumpha kumene wafuna n'kuphwanya zala za munthu.

Mzungu woyang'anira bwalo tinkamutcha Chimpeni, chifukwa m'mawa uliwonse ankabaya mabedi ndi mpeni wake wopinda kuti amve chinyezi. Sabata yanga yoyamba anaona mmene ndinkagwirira payipi, chala pakamwa pake kuti madzi agwe ngati mvula yowaza, ndipo anafunsa Gondwe kumene ndinaphunzira. Kuyambira pamenepo ntchito ya madzi inali yanga. Anandipatsa khadi la ntchito lotayipidwa m'Chizungu, lokhala ndi chidindo chake, ndipo pansi pa mzere uliwonse Gondwe analemba ndi pensulo m'chinenero chathu. Khadilo lili pa tebulo pano pamene ndikulembera. Mzere wotsiriza ukuti, ndi dzanja la Gondwe, "Lamulungu madzulo, 4 koloko, thirirani mabedi onse, 1 mpaka 10." Pansi pa mawu akuti onse anajambula mzere. Masewera a masiku onse ankatha Loweruka, choncho Lamulungu mabedi ankakhala opanda mwini. Chaka ndi miyezi isanu ndi inayi sindinaphonye Lamulungu ngakhale limodzi.

Kenako kunabwera Tesiti. Awa ndi masewera a dziko ndi dziko, a masiku asanu, kuyamba Lachinayi, kupuma Lamulungu, kutha Lachiwiri. Ndinali ndisanaonepo masewera odumpha Lamulungu. Alendo anachokera kutsidya kwa nyanja yamchere. Anali atagonja kale m'mizinda ina, ndipo nyuzi zinkawajambula ngati nkhosa zopita kokaphedwa. Chimpeni anasankha bedi nambala seveni. Masabata atatu tinakokapo chigudumu chachitsulo, anthu asanu ndi mmodzi ngati ng'ombe za pangolo, mpaka bedilo linawala ngati pansi pozira. Sabata ya Tesiti, m'mawa uliwonse Gondwe ankabwera ndi mawu a Chimpeni: lero thirirani apa, apa musiye. Ndinkamvera. Tsiku limene mawu sanabwere, ndinkatsata khadi. Ndi mmene tinkagwirira.

Muyenera kudziwanso za khola. Anthu akuda, Amwenye ndi makaladi ankaloledwa pa ngodya imodzi yokha ya bwalo, ya padzuwa, kuseri kwa waya. Kholalo linkachemerera mlendo aliyense wobwera kudzalimbana ndi eni bwalo, Mabunu. Alendowo nawonso anali azungu, ndipo sindikhulupirira kuti ankadziwa n'komwe kuti tilipo, koma zimenezo zinalibe kanthu. Aliyense womenya Mabunu anali wathu. Ife antchito tinkakhala pansi pafupi ndi chigudumu, m'maovolosi athu, osaloledwa kutulutsa mawu. Mlendo akachita chabwino, Gondwe ankanditsina ntchafu. Masiku awiri oyamba ntchafu yanga inapuma.

Lachinayi eni bwalo anamenya tsiku lonse. Oponya a alendo anathamanga mpaka malaya kumamatira kumsana, osapeza kanthu. Mmodzi wa iwo anagwetsa mpira wophweka, umene Feresi akanawakha ndi dzanja limodzi uku akukukuta chimanga. M'khola munthu wina anakuwa kuti, "Kodi mwabwera kudzaona mikango?" Khola lonse linayamba kutukwana anthu ake omwe. Palibe wotukwana moposa munthu amene walipira kuti akhale padzuwa kuseri kwa waya, n'kuona omwe amawadalira akugwetsa mipira.

Lachisanu alendo analowa kumenya, ndipo anagwa ngati mapesi. Wina asanathe kumanga zotchinga m'miyendo, wotsatira anali akuitanidwa kale. Atatha onse, mtsogoleri wa eni bwalo anawalamula kuti amenyenso kachiwiri pomwepo. Pa kiriketi ichi n'chipongwe chachikulu, ngati kubweza munthu wamkulu kuti akasambenso.

Madzulo ake m'komponi munali mkangano. Mlonda wa bwalo, Mzulu wamkulu wa ndolo m'makutu, anati, "Manyasa, anthu anu aja ndi nkhuku."

"Anthu athu? Dzulo anali anu," anatero Gondwe. "Yayi, ine ndatopa nawo. Munthu kuwoloka nyanja yonse kudzagwetsa mpira! Bwenzi atatuma aNazale awa, mwina akanawathira madzi m'maso."

Tinaseka tonse, ine ndemwe. Koma m'mawa mwake aliyense anadzuka msanga kuposa masiku onse.

Loweruka anayambanso kugwa. Atatha anayi, analowa mkulu wina wa imvi m'mbali mwa mutu, wa miyendo yamatewe, womenya ndi dzanja lamanzere. Khola linamutcha Manzere. Iye sankamenya kuti apeze kanthu. Ankangoika thabwa patsogolo, mpira n'kufera pa mapazi pake. Pa kiriketi, masiku asanu akatha omenya asanathe onse, palibe wopambana. Kwa anthu ogonja chigonjere, kusagonja kunali ngati ukwati. Manzere anaima kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka belu lotsekera. Anamugenda m'nthiti, pa chigongono, pa ntchafu. Anamutukwana mtundu wake wonse. Iye ankangowerama, kutola kaudzu pa bedi, kutaya, n'kuimanso. Mabunu a m'mipando anayamba kuwomba m'manja mochedwa, momunyoza. Khola linawayankha ndi nyimbo ya m'tchalitchi, anthu akugwedeza waya. Tsiku limenelo ntchafu yanga inatupa. Wailesi inanena kuti Lachiwiri kugwa mvula yambiri, ndipo aliyense anaona yekha: Manzere akangopirira Lolemba, mvula imaliza ntchito.

Titafunda bedi ndi tenti yake Loweruka madzulo, ndinaona Chimpeni ataima ndi Gondwe pafupi ndi shedi, akuloza pakati pa bwalo. Sindinamve zimene ankanena. Ndinali patali, ndipo Chizungu changa chinali chochepa. Gondwe anagwedeza mutu, anavula ovolosi, nathamangira basi ya kulokeshoni ndi anzathu kukamwera Manzere. Ali pa chitseko cha basi anandikuwira kuti, "ANazale, tiyeni! Lero ngakhale inu mulawa!" Ndinakana. Ine sindimwa, ndipo Lamulungu ndinali ndi ntchito. Amenewo ndiwo mawu onse amene Gondwe anandiuza Loweruka madzulo. Sindinachotsepo, sindinawonjezepo.

Lamulungu, 4 koloko, ndinakoka payipi yanga. Mlonda uja anali atakhala pa mpando pafupi ndi seveni, chibonga chili pa miyendo. Ndinamuonetsa khadi. Kuwerenga sankadziwa, koma chidindo cha Chimpeni anachizindikira, ndipo anandithandiza kuchotsa tenti. Zimene ndinaona zinandipweteka mtima. Masiku atatu a dzuwa ndi nsapato zamisomali anali atalimaliza bedilo. Ming'alu yolowa chala, maenje pamene oponya amaponda, fumbi lokhalokha. Ndinaganiza za Manzere, ndi za mpira umene ukagwera mu mng'alu umamulondola munthu kumaso. Mabedi enawo ndinawapatsa madzi a masiku onse. Seveni ndinalipatsa kawiri, pang'onopang'ono, kudikira kuti limwe, monga timachitira ndi bedi limene mbande zake zafota. Ming'alu ikuluikulu ndinaitseka ndi chala changa. Kenako tinabwezera tenti, ndipo ndinatsindira m'mbali mwake kuti chinyezi chisathawe. Ndikulemba poyera: ndinabwerera kukomponi ndili wokondwa. Ndimati ndathandiza.

Palibe amene anandiuzapo kuti lamulo la masewerawa limaletsa dontho ngakhale limodzi pa bedi masewera ali mkati. Palibenso amene anandiuza kuti dothi lakuda lija likanyowa pansi, dzuwa n'kuumitsa pamwamba, limasanduka msampha.

Lolemba m'mawa Chimpeni anabaya mpeni wake pa seveni. Unalowa mpaka m'chigwiriro. Anauzula, anauyang'ana, anabayanso pena. Nkhope yake inayera, kenako inafiira. Anauza oweruza masewera, azungu a majasi oyera, kuti mame alowa pansi pa tenti. Iwo anakambirana, anaponda ndi zidendene, ndipo masewera anayamba pa nthawi yake.

Mpira wachitatu unanyamuka pansi ngati wapsa, n'kumugunda Manzere pa dzanja. Kulira kwake tinakumva ife tili kumalire. Anavula golovesi, chala chitapindikira kumbali. Anakana kutuluka. Anaimanso, thabwa atagwira ndi dzanja limodzi. Mpira wotsatira unadumphanso, unakhudza thabwa, unawakhidwa. Otsalawo sanachedwe. Ankalowa akuyang'ana bedi, osati woponya. Nthawi ya chakudya chamasana isanakwane zonse zinali zitatha, Mabunu akuimba m'mipando, khola likutuluka chete ngati ochokera kumanda. Mvula inayamba Lolemba lomwelo masana, ndipo inagwa masiku awiri osakata.

Anandiitanira m'shedi. Munali Chimpeni, mzungu wina wa tayi wochokera ku komiti ya bwalo, ndi Gondwe. Gondwe anali womasulira. Lembani zimenezo pambali, bwana. Mboni yonditsutsa inali yomweyo yondilankhulira.

"Akufunsa ngati mwathirira seveni," anatero, osandiyang'ana.

"Ndathirira. Auzeni kuti khadi likutero."

Analankhula nawo mawu ambiri kuposa amene ine ndinanena.

"Akuti anandituma Loweruka kuti ndikuuzeni kuti seveni musakhudze."

"Ndiye auzeni kuti simunandiuze."

"Ndawauza kuti ndinakuuzani."

"Achimwene, mwati bwanji?"

"Ndinakuuzani, dada. Pa shedi pompano. Mwaiwala."

Ndinatulutsa khadi kuti aone okha. Wa tayi anatambasula dzanja kuti alitenge, ine ndinalibweza m'thumba n'kugwira pamwamba. Ndicho chanzeru chokha chimene ndinachita tsiku limenelo. Anatenga pasi yanga, analemba mizere iwiri ndi inki yofiira, anadinda. Kwa azungu anzawo nkhaniyo sinatuluke m'shedi muja. Nyuzi ya Lachiwiri ndinaitola m'bini ndipo ndinaisunga: ikuti anali mame. Pasi yanga ikuti ndinali ine, ndipo ndinachita dala. Mapepala onsewa anachokera m'kamwa mwa anthu amodzimodzi, sabata imodzi. Ofesi yanu indiuze loona ndi liti.

Ndikutuluka m'shedi ndinaona Manzere ali pakati pa bwalo ndi ambulera, dzanja litakulungidwa. Anawerama, anakanikiza bedi ndi chala chachikulu cha dzanja linalo, anapukusa mutu. Pobwerera anadutsa pafupi nane mwakuti ambulera yake inandidonthezera madzi. Sanandione. Munthu amene tinamuimbira tsiku lathunthu.

Kukomponi nkhani inali itafika kale, ndipo inali itasintha. Ndinapeza bulangeti ndi sutikesi yanga zili panja pamvula. Mshangani wina, amene ndinkamulembera makalata opita kwa mkazi wake, anandilavulira pa mapazi.

"Akulonjeza chiyani Mabunu? Ukapitawo?"

"Ndinatsata khadi."

"Khadi! Khadi ndilo lathyola chala cha munthu?"

Mlonda uja nayenso anachotsedwa ntchito chifukwa chondichotsera tenti. Anandimenya ndi chibonga paphewa, ndipo mpaka lero dzanja limeneli silikwera kufika pa denga la bani yootchera fodya. Iyeyo sindimuimba mlandu. Mnzathu wachitatu wa kuno anati, "Mwatichititsa manyazi Manyasa tonse," n'kutseka chitseko. Chisanatsekeke ndinaona Gondwe atakhala pa mbaula akuwotha manja. Ndinagona m'shedi ya chigudumu masiku awiri, mpaka apolisi anabwera kudzanditenga, pakuti wakunja wopanda ntchito alibe malo m'dziko muja.

Kumudzi mwana amene ndinali ndisanamuonepo anandithawa, nakabisala kuseri kwa nkhokwe. Nyumba inali ndi malata mbali imodzi, udzu mbali ina, ndipo idakali choncho. Mlamu wanga, amene ndinamusiya akuweta mbuzi, ndinamupeza atavala malaya a achinyamata a chipani, akufunsa anthu makhadi pa chipata cha msika. Anayang'ana sutikesi yanga nati, "Alamu, anzanu amabwera ndi njinga ku Joni. Inu mwabwera ndi mapepala?"

Chaka chimenecho sikimu inkagawa minda ya fodya wa m'mabani. Ndinapita. Bwana wake anandifunsa za nazale, za kudzala, za kutentha kwa bani, ndipo ndinayankha mpaka anaitana mnzake kuti adzamve. Kenako anafunsa kumene ndinagwirako ntchito, napempha pasi. Anawerenga zofiira zija, anakopera m'buku lake, anaitseka.

"Bambo, munthu wowononga dala katundu wa abwana tingamupatse bani, nkhuni ndi moto?"

Kuyambira pamenepo ndine tenanti pa esiteti ya munthu wina kufupi ndi Kaluluma, monga anali bambo anga. Alangizi amabweretsa alimi a ku sikimu kudzaona nazale zanga kuti aphunzire. Amaona, amalemba, amabwerera ku minda yawo.

Gondwe anabwera patapita zaka zinayi, ndi njinga yamoto ndi galamafoni. Munda ku sikimu anapatsidwa chaka chomwecho. Nkhani yanga anabwera nayo, ndipo ankaisimba pa mowa, kuikometsa chaka ndi chaka: akuti ndinazembera mlonda, akuti Mabunu anandigulira suti. Anthu amene sanaonepo thabwa la kiriketi anayamba kundiweruza pa masewerawo. Ana a sukulu ananditcha Mthirira Mabunu. Feresi anang'amba khutu la mmodzi wa iwo, ndipo anamuimitsa sukulu masabata awiri. Kalata ya ahedi ndili nayo. Tsopano Gondwe ndi tcheyamani wa nthambi ya chipani kudera kwathu, ndipo fomu iliyonse yopita ku sikimu imafuna siginecha ya tcheyamani.

M'mwezi wa Meyi chaka chino ndinamupeza pa khonde la sitolo ya Mchawa ku Kaluluma, atakhala pa mpando wa telala ndi anthu awiri.

"ATcheya, ndabwera ndi fomu ya sikimu."

"Aa, aNazale! Mudakali moyo? Khalani apo. Koma musandithire madzi, nsapato izi n'zatsopano."

Awiri aja anaseka. Ataona nkhope yanga anakumbukira kuti ali ndi kopita. Ndinaika khadi pa bondo lake.

"Dzanja ili n'la yani?"

Analiyang'ana nthawi yaitali. Pensulo yafufuma, koma imawerengeka.

"Mumasunga zinyalala, dada."

"Loweruka lija munandiuza nthawi yanji? Musanavule ovolosi, kapena muli pa chitseko cha basi?"

"Zaka zonsezi!"

"Zaka zonsezi ndili pa munda wa munthu wina."

Anasuzumira m'sitolo. Mwini wake anali akuyeza mchere. Gondwe anatsitsa mawu.

"Ndinaiwala. Enya, ndinaiwala. Tinamwa mpaka Lamulungu lonse. Ndinakumbukira nditaona mpeni ukulowa. Ndiye mumafuna nditani? Atibweze tonse awiri? Ine ndinali ndi ana asanu, inu awiri. Ndinaona kuti inu mupepukidwa."

"Lembani zimenezo. Mzere umodzi wokha, musayine."

Anaseka mpaka anatsokomola. "Tcheyamani alembe kuti ananama? Inu mutu wanu unanyowa pamodzi ndi bedi lija. Ndipo mverani, mdala. Anthu ovutitsa atsogoleri a chipani timadziwa kumene timawatumiza. Kumeneko kulibe nazale."

Fomu anandibwezera yosasayina. Anakwera njinga yake, ine ndinalowa m'sitolo.

"Che, mwamva zimene anena aja?"

Mwini sitolo sanachotse maso pa sikelo. "Bambo, ine ndimamva mchere ndi sopo. Mugula chiyani?"

Ndinagula machesi.

Nachisale ataona ndikutsegula sutikesi ya mapepala sabata yathayi, anaima pa khomo ndi lichero. "Abambo a Feresi, mukufuna mukafere m'ndende chifukwa cha mpira wa azungu? Azungu ake anaiwala kale. Wa chala uja mwina anafa."

"Iwo aiwale. Buku la ku sikimu silinaiwale."

"Ndipo akabwera kudzakutengani, ine ndidye khadi?"

Sananame. Koma ndalemba.

Choncho, bwana, ndikunena poyera kuti ndi chipani sindikulimbana. Makhadi ake ndili nawo a chaka chilichonse, anga, a mkazi wanga, ndi la mwana amene panthawiyo anali asanabadwe. Bedi ndinathirira, sindikukana, ndipo chala cha munthu chinathyoka chifukwa cha madzi anga. Chimenecho ndachisenza ndipo ndidzafa nacho. Chimene ndikukana ndi mawu akuti dala.

Ndikupempha mwaulemu kuti ofesi yanu iitane a Gondwe ndi ine tsiku limodzi, m'chipinda chimodzi, kalaliki alipo ndi cholembera, ndipo awafunse malo ndi nthawi imene anandiuzira. Akayankha, ofesi ilembere a sikimu kalata yonena chimene yapeza. Mayina a olandira minda amatsekedwa kumapeto kwa Julayi, nazale zisanayambe, ndipo m'manja mwangamu mwatsala nazale za zaka zitatu kapena zinayi. Ndikupempha yankho tsiku limenelo lisanafike. Ngati yankho lanu lili lokana, musanditumizire mawu apakamwa. Lilembeni, mulisayine, mulidinde, ndidzabwera ndekha kudzalitenga.